Madala akuvutika kukodza, kodi pali njira ina osati kung'amba pamimba?

Wa ku Chitakale:
Abale ndithandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi zaka 71, anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi moyo wawo wonse, ndiye kwa chaka tsopano usiku amadzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kupita kuseri, akafika mkodzo umangodontha pang'onopang'ono mpaka amayi anayamba kuwaikira ndowa kuchipinda. Sabata yatha unatsekekeratu, mimba kutupa, munthu wamkulu kulira ngati mwana, tinawakweza kabaza usiku mpaka kuchipatala anawaika kapaipi. Adokotala akuti ndi prostate yatupa. Koma madala akukanitsitsa opaleshoni, akuti sakufuna kung'ambidwa. Kumva ndikumva kuti pali njira yosadula, alipo akudziwa?

Namwino wa ku Luchenza:
Pepani achimwene. Prostate ili pansi pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, ndiye ikakula imafinya njirayo ngati munthu waponda paipi ya madzi. Amuna ambiri akadutsa zaka 50 imayamba kukula, si kansa ayi, koma awapime kaye magazi a PSA, othandiza kufufuza ngati pali kansa ya prostate, komanso adokotala awaone ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, asachite manyazi. Poyamba amapereka mapilitsi, tamsulosin amamasula njira m'masiku ochepa koma amabweretsa chizungulire akadzuka msanga, finasteride amachepetsa prostateyo koma pamafunika miyezi ngati 6. Zikakanika pali TURP, amalowetsa kachipangizo kudzera kumene kumatulukira mkodzo n'kupala mbali yatsekayo, pamimba sadula, amangobaya jakisoni wa pamsana kuti asamve kupweteka. Kapaipi kamakhala masiku ochepa basi. Kunja kuli zina monga Rezum yogwiritsa ntchito nthunzi ya madzi ndi UroLift yoika timawaya tokoka prostate kuti njira itseguke, koma ndalama zake si zamasewera. Pemphani kalata kuchipatala cha boma akawaone ku Queens ku Blantyre, ndipo mukafunse ngati kukula kwa prostate yawo kukulola TURP, chifukwa ikakula kwambiri nthawi zina amafunika kutsegula ndithu.

Mkamwini wa ku Makwasa:
Apongozi anga anapanga TURP yomweyo. Chimene sanatiuze bwino n'choti mkodzo umatuluka ndi magazi kwa masiku angapo, tonse tinachita mantha. Ndiponso nkhani ya m'banja, umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka, auzeni madala mosabisa kuti asadzadabwe. Pano amagona mpaka m'mawa, akulima chimanga chawo bwinobwino.

Mayi wa ku Limbuli:
Chonde musawasiye ndi kapaipi miyezi yambiri osasintha, kamabweretsa matenda. Akayamba kutentha thupi kapena mkodzo kununkha thamangirani kuchipatala. Ndipo tiyi wa madzulo uja achepetse, ndikudziwa ku Mulanje kuno kumuuza mkulu asiye tiyi ndi nkhondo, komanso mankhwala ena a chimfine amatsekereza mkodzo, asamangogula pa golosale.

Wa ku Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse, mwandichotsa mtima m'mwamba. Ndawawerengera madala zimene mwalembazi, atangomva zoti sadula pamimba anakhala chete kenako akuti "ndiye tipite liti?" Lolemba tilawirira kukatenga kalata ija. Za tiyi akuti tikambirana mawa.