Kodi sewero lanthabwala lingatsatire Antigone madzulo amodzimodziwo?

Mtsogoleri wa gulu la zisudzo, Ulongué

Ndikupempha nzeru kwa inu akuluakulu ndi anzanga okonda zisudzo. Gulu lathu la achinyamata kuno ku Angónia likukonzekera masewero awiri oti lidzaonetse pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mgwirizano wa mtendere wa dziko lathu la Mozambique umene unasainidwa ku Roma m'chaka cha 1992. Loyamba ndi Antigone, sewero lakale la Sophocles, mlembi wa ku Greece, limene taliika m'Chichewa. Mfumu Creon ya ku Thebes ikulamula kuti mtembo wa Polyneices usaikidwe m'manda chifukwa anaukira mzinda wa kwawo, koma mlongo wake Antigone akuphwanya lamulolo. Lachiwiri talipeka tokha ndipo ndi lanthabwala. Likutsata mlonda wa m'sewero la Antigone amene amabwera akunjenjemera kudzauza mfumu kuti wina wawaza dothi pamtembo, ndipo ife tikumuonetsa atafika kunyumba, akuvutika kufotokozera mkazi wake ndi apongozi ake mmene wapulumukira. Kodi n'koyenera kuseketsa anthu amene angoona imfa zitatu za kumapeto kwa sewero la Antigone, ndipo ngati n'koyenera, liyambe ndi liti?

Mphunzitsi wa ku Moatize

Achimwene, zimene mukuganizazo si zachilendo, chifukwa eni ake a masewerowa ankachita chimodzimodzi. Pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus ku Athens, mlembi aliyense wa masewero achisoni ankaonetsa atatu, kenaka n'kutsekera ndi lachinayi loseketsa, la zilombo zooneka mbali ina ngati anthu zotchedwa satyr. Aeschylus anatero m'chaka cha 458 Khristu asanabadwe pamene anaonetsa masewero ake atatu otchedwa Oresteia n'kutsirizira ndi Proteus, sewero limene linatayika. Ku Japan nakonso masewero oseketsa a kyogen amaikidwa pakati pa masewero olemera a noh. Choncho ine ndikuti lachisoni liyambe. Mukayamba ndi nthabwala, mlondayo akadzangotulukira pamaso pa Creon anthu adzaphulika ndi phwete, ndipo mantha amene mawu a mfumuyo ayenera kudzetsa adzakhala atatha kale. Ndakondwa kuti mwasankha mlonda, pakuti Sophocles mwini anamulemba ngati munthu wamba woseketsa, amene akuulula kuti anabwera chifukwa maere anamugwera ndiponso kuti ankaimaima m'njira akuganiza zobwerera.

Mayi wa ku Domué

Ana anga, mbiri ya ku Athens ndaimva, koma ine nkhawa yanga ili pa anthu amene adzakhale pansi kutsogolo kwanu. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo alipo amene anasiya abale awo m'tchire osawaika, mwakuti mpaka lero sadziwa pomwe pali mafupa awo. Kwa anthu otere, mtembo wokanizidwa manda si nthano ya dziko lakutali. Onaninso chibale cha m'sewerolo: Creon ndi mlongo wa Jocasta, mayi wa Antigone, ndiye kuti ndi mtsibweni wake. Pa Chichewa ameneyo ndiye mwini mbumba, munthu woyamba kuyendetsa mwambo wa maliro a mphwake, ndipo Haemon, mwana wa Creon, amene anatomera Antigone, ndi msuweni wake weniweni. Oonerera athu adzamva kulemera kwa mlanduwo mwina kuposa azungu a masiku ano, chifukwa woletsa malirowo ndi yemwe anayenera kuitana adzukulu. Sindikukana nthabwala, koma ndikupempha kuti pasakhale mawu ngakhale amodzi onyoza mtembo kapena kulira kwa mtsikanayo. Sekani mantha a mlonda, sekani atsogoleri opereka malamulo amene iwo eni sangathe kuwalondera, koma wakufayo musiyeni.

Wochita zisudzo wa ku Furancungo

Amayi anena zoona, ndipo malire amene aikawo tonse timawadziwa kale. Adzukulu akamakumba manda amaponyerana nthabwala, koma saseka womwalirayo, ndipo ofedwa sakhumudwa nazo chifukwa amadziwa kuti anthuwo asenza ntchito yolemetsa. Mlonda wanuyo alembedwe mwa mtima umenewo.

Pa kachitidwe kake ndili ndi mfundo zingapo. Munthu mmodzi yemweyo achite mbali ya mlonda m'masewero onse awiri, atavala zovala zomwezo, kuti ngakhale mwana aone kulumikizana kwake. Amene wachita mbali ya Antigone asaonekenso m'sewero lachiwiri, ngakhale mutaperewera anthu, chifukwa oonerera angomuona akupita kukafa. Pakati pa masewerowo pakhale kanthawi kopuma, ndipo gulu loimba limene m'sewero loyamba likuimira akuluakulu a ku Thebes liimbe nyimbo ya maliro mpaka kumapeto, osaidula. Lanthabwalalo likhale lalifupi kuposa linzake. Ndiponso musabwereke zovala kapena mavinidwe a Gule Wamkulu pofuna kuseketsa, pakuti gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo mutha kudana ndi mafumu pa chinthu chimene sewero lanu silikuchifuna n'komwe.

Mtsogoleri wa gulu la zisudzo, Ulongué

Zikomo kwambiri nonse. Antigone adzayamba, ndipo wa mlonda adzatsatira pambuyo pa nyimbo. Amayi a ku Domué, mfundo ya mtsibweni ija taikambirana, ndipo tagwirizana kuti Antigone azitchula Creon kuti atsibweni osati mfumu, ngakhale pamene akutsutsana naye pabwalo. Tisanaonetse pagulu tidzaitana akuluakulu angapo amene anakhala ku Malawi pa nthawi ya nkhondo kuti adzaonere pokonzekera, ndipo chigawo chilichonse chimene adzachikane tidzachilembanso.