Kalipentala wachingelezi amene anabwera ku Fort Jameson: mbiri yake tiiyambire pati?

Mdzukulu wa ku Kapata:
Moni nonse. Pabanja pathu tikufuna kulemba mbiri ya mzungu amene anabereka ambuye athu aakazi. Akuluakulu amati anali kalipentala wochokera ku England, ndipo anafika ku Fort Jameson (Chipata ya lero) nkhondo ya 1914 isanayambe. Tili ndi dzina lake monga ambuye ankalitchulira, dzina limene anthu anam'patsa kuno, ndi puleni yakale yathabwa yodindidwa zilembo kutsogolo kwake. Tiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Yambirani kuno komwe, musathamangire ku England. Chimene chimasocheretsa ambiri ndi dzina. Lilime lathu limawonjezera mavawelo ndi kusinthanitsa l ndi r, ndiye dzina lomwe lakhala zaka zana m'kamwa mwa anthu lingasiyane kwambiri ndi lomwe lili papepala. Khalani pansi ndi okalamba awiri kapena atatu, aliyense payekha, muwajambule mawu pa foni akulitchula. Kenako lembani kalembedwe kalikonse kamene kangatuluke m'katchulidweko.

Muwafunsenso kuti ankagwirira ntchito ndani: Boma, mishoni, kampani ya North Charterland, kapena mafamu a fodya? Yankho la funso limeneli ndi lomwe lidzakuuzeni koyenera kukafufuza. Fort Jameson linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, choncho amisiri omanga maofesi ndi nyumba ankafunika ndithu.

Setifiketi ya ukwati musaiyembekezere. Maukwati ambiri a azungu ndi akazi akuno anali achikhalidwe ndipo sankalembedwa ku Boma, komanso mwana akakulira kuchikazi kwa amalume ake dzina la bambo linkazimirira. Kumene kuli mwayi ndi m'mabuku a ubatizo ku tchalitchi kumene ambuye anu anabatizidwira. Pemphani kuona buku lenilenilo, osati kalata yongokopera, chifukwa nthawi zina wolemba ankaika mawu m'mphepete onena za bambo wa mwanayo. Mukatero pitani ku National Archives of Zambia ku Lusaka mukafunse District Notebook ya Fort Jameson (buku limene akuluakulu a Boma ankalembamo za derali) ndi ma Gazette akale a Boma, momwe mumapezeka zilengezo za malayisensi ndi za chuma cha anthu omwalira.

Wofufuza mibadwo, Lusaka:
Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezere za ku England, mukapeza dzina lenileni ndi zaka zoyerekeza.

Choyamba tsimikizani kuti analidi Mngelezi. Kuno mzungu aliyense wa ku Britain tinkangomuti Mngelezi, pomwe ambiri, makamaka a kampani ya Mandala, anali a ku Scotland. Mabuku awo ndi osiyana: Scotland inayamba kulemba obadwa mu 1855 ndipo zonse zili pa webusaiti ya ScotlandsPeople, pomwe England ndi Wales anayamba pa 1 July 1837.

Kwa England, lowani pa webusaiti ya FreeBMD, ndi yaulere. Simupezamo setifiketi, koma mlozera chabe: dzina, dera lolembetsera, nambala ya buku ndi tsamba, ndi chigawo cha chaka cha miyezi itatu. Chenjerani apa. Makolo ankapatsidwa masiku 42 olembetsa mwana, ndiye wobadwa mu December angapezeke m'chigawo cha January mpaka March chaka chotsatira. Manambala amenewo ndi omwe mumagwiritsa ntchito poitanitsa setifiketi ku General Register Office (GRO), ndipo PDF ndi yotchipa kuposa yapepala. Mlozera wa pa webusaiti ya GRO umaonetsanso dzina la kumtundu kwa mayi, chomwe chimathandiza kupatula ana ofanana mayina musanalipire kalikonse.

Kenako kalembera. Ankachitika zaka khumi zilizonse, ndipo amene amaonetsa mayina ndi a 1841 mpaka 1921. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge chifukwa cha nkhondo. Munthu wanu mum'tsate mu 1881, 1891 ndi 1901. Akapezeka mu 1901 koma osaoneka mu 1911, mwapeza mpata wa zaka zomwe anachoka. Ntchito yake ndiyo mbedza yanu. Yang'anani mawu akuti apprentice kwa wophunzira ntchito, journeyman kwa amene anamaliza maphunziro koma akugwirira wina, ndi master kwa mwini shopu. Musafufuze carpenter yekha: joiner, cabinet maker ndi wheelwright onsewo kuno tikanangowatcha akalipentala.

Kulakwitsa kofala ndi kutola munthu woyamba wa dzina lofanana n'kumumata pabanja. Zinthu zitatu zigwirizane: dzina, zaka ndi ntchito. Ndipo onetsetsani kuti ameneyo sakupezekabe ku England mu 1911 ali ndi banja lake, kapena m'mlozera wa omwalira kumeneko pa zaka zomwe wanuyo ankapala matabwa ku Fort Jameson.

Mmisiri wa matabwa, Chipata:
Puleniyo musaipale ndi sandipepa, chonde, mungafute umboni. Ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, muunike ndi tochi chammbali kuti zilembo zichite mthunzi, kenako jambulani. Kutsogolo kwa puleni yathabwa kumakhala zidindo zamitundu iwiri. Cha kampani yopanga chimakhala chaudongo, nthawi zambiri ndi dzina la tauni. Cha mwini chimakhala chokhomedwa ndi hamala, mwina chopendekera. Zida zinkadutsa m'manja ambiri, choncho mungapeze mayina awiri kapena atatu, lina pamwamba pa linzake. Chotsaninso mpeni wake muone, chifukwa uli ndi chidindo chakechake, kawirikawiri cha ku Sheffield. Chimenecho chikunena kumene chitsulo chinasulidwa, osati kwawo kwa munthuyo.

Ngati anali m'bungwe la akalipentala la Amalgamated Society of Carpenters and Joiners, mabuku a mamembala ake amasungidwa ku Modern Records Centre pa University of Warwick.

Wofufuza mibadwo, Lusaka:
Ndinaiwala za ulendo. Mayina a okwera sitima zapamadzi zochoka ku Britain kupita maiko akutali alipo kuyambira 1890 mpaka 1960. Ku The National Archives ku Kew, mu London, amawatcha BT 27, ndipo ali pa mawebusaiti a Findmypast ndi Ancestry, koma n'zolipira. Musalembe Fort Jameson kapena Rhodesia pofufuza, chifukwa chimene ankalemba ndi doko lotsikira: Cape Town, Durban, Beira kapena Chinde. Dzina loyamba nthawi zambiri limangokhala chilembo chimodzi. Mukam'sowa, ganizirani kuti mwina anabwera ngati msilikali pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902 n'kudzakwera kumpoto pambuyo pake, pakuti asilikali opita kunkhondo salembedwa m'mabuku amenewa.

Onaninso National Probate Calendar, yomwe inayamba mu 1858. Munthu womwalira kunja koma atasiya katundu ku England amalembedwamo, ndi tsiku ndi malo omwe anamwalirira, ndiponso dzina la amene anapatsidwa mphamvu yogawa chumacho. Konzekani mtima, dzina limenelo lingakhale la mkazi amene anatsala ku England.

Za DNA: popeza mzere wanu ukudzera mwa ambuye aakazi, kuyeza kwa Y sikungakuthandizeni, chifukwa kumatsata abambo okhaokha. Gulani kuyeza kwa autosomal, komwe kumatsata mbali ya abambo ndi ya amayi yomwe, ndipo ayezedwe wamkulu kwambiri amene ali moyo mwa ana a ambuyewo. Iye ali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi a kalipentalayo, pomwe inu muli ndi limodzi mwa asanu ndi atatu.

Mdzukulu wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Azakhali athu, mwana womaliza wa ambuye, akadali moyo ku Chadiza. Loweruka tipita ndi foni ndi puleni yomwe.