Njinga ndi maphunziro a ntchito zamanja kwa abale athu a m'mafamu: tiyendetse bwanji?

Dikoni wa ku Highfield:

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mudagwirapo ntchito zachifundo kumidzi, ndiponso kwa inu amene mumazidziwa bwino njinga. Bungwe lina lachikhristu, limene limathandizidwa ndi mipingo ya kunja, lapempha mpingo wathu kuti tigwirane nalo manja pa ntchito yogawa njinga zakapalasa ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja kudera la mafamu la pakati pa Mazowe ndi Bindura, muno mu Zimbabwe. Monga mukudziwa, kumeneko kuli abale athu ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi malalanje komanso m'migodi, ndipo chisinthireni umwini wa mafamu kuyambira m'chaka cha 2000, ambiri a iwo akhala akudalira maganyu basi.

Bungweli likuti ndalama zimene lili nazo zingagule njinga zatsopano 60 za mtundu umodzi, kapena zingabweretse kontena ya njinga zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Ulaya, zimene zingakhale zochuluka kwambiri kuposa pamenepa. Likufunanso kuphunzitsa achinyamata kusoka, ukalipentala ndi kuwotcherera zitsulo kwa miyezi 6. Ife tapemphedwa kuti tisankhe anthu oyenera kulandira, popeza ndife timayendera timipingo ta m'makomboni. Pamsonkhano wathu tidasiyana maganizo: ena akuti titenge kontena kuti anthu ambiri alandire, ena akuti njinga zisaperekedwe ulere chifukwa chaulere sichisamalidwa, ndipo ena akuti tiyambire Akhristu athu tisanayang'ane kunja. Inu mukadakhala m'malo mwathu mukadachita bwanji?

Wokonza njinga ku Magaba:

A dikoni, ine ndiyankha pa nkhani ya mtundu wa njinga, chifukwa ndiyo ntchito imene ndimadyera. Chiwerengero chisakukopeni. Njinga za mu kontena zimabwera zosiyanasiyana, ina ya matayala a 26, ina ya 28, ina ya matayala owonda opangidwira misewu yaphula, ndipo zambiri zimakhala ndi magiya ambirimbiri osintha ndi kawaya. Kuno ku tawuni zoterezi timatha kuzikonza, popeza munthu akafufuza mokwanira ku msika wa Siyaso, kuno ku Magaba mu Harare, amapeza pafupifupi chitsulo chilichonse, koma kufamu kawaya kakaduka kapena kachitsulo kosinthira magiya kakapindika, njingayo imakatsamiritsidwa kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zimayamba kugonapo. Komanso dothi la ku Mazowe ndi katondo, ndipo nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, matope amakanirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka wilo limaleka kuzungulira. Njinga yamagiya ikalowa m'matope oterowo kangapo, tcheni chimayamba kulumpha mano ndipo wokwera amatha ulendo wonse akuikankha.

Vutoli ena adakumana nalo kale. Bungwe la World Bicycle Relief, limene lidayamba mu 2005 pofuna kuthandiza anthu a ku Sri Lanka amene adakhudzidwa ndi tsunami ya mu Disembala 2004, litafika ku Zambia lidagwira ntchito limodzi ndi bungwe lachikhristu la World Vision pogawira njinga anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'midzi. Kumeneko lidaona kuti njinga zimene zinkapezeka pamsika sizinkapirira misewu yakumudzi ndi katundu wolemera, ndipo lidapanga yakeyake yotchedwa Buffalo, ya fulemu yolimba, ya giya imodzi, ya buleki imene imagwira munthu akapondereza mapedulo chobwerera m'mbuyo, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100, ndiko kuti matumba awiri a feteleza. Njingazi zimapezeka muno mu Zimbabwe pamodzi ndi zipangizo zake. Sindikunena kuti mugule mtundu umenewu basi ayi, koma kuti mtundu uliwonse umene mungasankhe ukhale umodzi, wopanda zinthu zambiri zoti nkuwonongeka, ndipo chubu, tayala, masipoko ndi mabelingi ake azipezeka m'masitolo a ku Bindura kapena ku Glendale. Munthu sangakwere kombi kubwera ku Harare kudzagula kachitsulo kotchipa kuposa mtengo wa ulendo wake.

Chimene chandidabwitsa kwambiri ndi chakuti pa ntchito zimene mwatchula palibe kukonza njinga. Mukufuna kuthira njinga 60 m'dera limodzi, koma achinyamata onse muwaphunzitse zina, ndiye adzazikonza ndani? Kumata chubu aliyense amatha, bola akhale ndi chigamba, guluu ndi beseni la madzi loonera pamene pakutuluka mpweya. Zimene zimapha njinga kumudzi ndi zina: masipoko akamasuka mmodzimmodzi popanda wowamanga, mabelingi a mu habu akamayenda opanda girizi, kotapini akadyeka mpaka pedulo kumagwedera. Kuwongola limu kokha kumafuna dzanja lophunzitsidwa. Timagadamitsa njinga, nkuzunguza wilo titagwira choko pafupi ndi limu, ndipo pamene choko chakhudza ndi pamene papindikira. Pamenepo timamasula pang'ono masipoko a mbali imeneyo nkumanga a mbali inayo, pang'onopang'ono, kenako nkuzunguzanso. Wosadziwa amangomanga mwamphamvu sipoko imene akuiona yogwedera, ndipo wilo limafika popindika moti silingakonzekenso.

Pemphani bungwelo lichotse njinga zingapo pa 60 zija, ndipo ndalama zake ziphunzitsire achinyamata awiri kapena atatu a komweko, ziwagulire masipanala, pampu, pulayala, hamala ndi kachitsulo komangira masipoko, ndiponso machubu, zigamba ndi girizi zoyambira malonda. Amenewa adzakhala ndi makasitomala kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kupatula njinga zanuzo, m'makomboni muli kale njinga zakale za Humber ndi Raleigh zimene zikungodikira munthu wozitsitsimutsa.

Mayi wa chigwirizano, Mufakose:

Zikomo bambo a ku Magaba, mwalankhula zomveka, ndipo ine ndingowonjezera kuti posankha mtundu wa njinga mukumbukire kuti ambiri amene adzaikwere ndi amayi ovala chitenje ndi atsikana ovala yunifomu, kotero chitsulo chapakati chisakhale chokwera moti munthu wamkazi achite kuvutika pokwera.

A dikoni, pa nkhani yoti muyambire Akhristu anu, ine ndikukupemphani kuti musatero. Ndikudziwa kuti alipo amene amati chifundo chiyambire m'nyumba ya chikhulupiriro, ndipo akadakhala kuti akunena za chopereka cha mpingo wathu sindikadatsutsa. Koma m'makomboni amenewo Mkhristu amakhala khomo loyandikana ndi Msilamu, wa mpingo wa apositoli ndi wa gule wamkulu, onse amatunga madzi pa mjigo umodzi, ndipo pamaliro amakumba manda limodzi. Njinga zikangopita kwa a mpingo umodzi, mudzadzaza kalasi ndi anthu ofuna njinga osati ofuna Mawu, ndipo otsalawo adzakhala ndi mangawa ndi mpingo kwa zaka zambiri. Ndi bwino kuti pakhale komiti ya anthu a komweko, momwe muli aphunzitsi, azaumoyo a m'mudzi, atsogoleri a zipembedzo zina ndi amayi, ndipo muyeso ukhale woti aliyense angathe kuuona ndi maso: kutalika kwa mtunda umene munthu amayenda ndi ntchito imene njingayo idzagwire. Mtsikana amene amadzuka usiku kuti ayende maola awiri kupita ku sekondale, atasesa kale ndi kutunga madzi, ayenera kukhala patsogolo pa mwana wa mkulu wampingo amene amakhala pafupi ndi sukulu. Chimodzimodzinso mayi amene amasenza dengu la tomato kukafika nalo kumsewu waukulu mbandakucha kuti apeze lole yopita ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, chifukwa akachedwa pang'ono tomatoyo amagona padzuwa tsiku lonse nkuphwanyika.

Palinso nkhani imene abambo ambiri sakonda kuimva, koma ndiyenera kuinena. Njinga ikaperekedwa kwa mtsikana kapena kwa mayi popanda pangano lolembedwa, sipatenga nthawi kuti ikhale ya bambo wa pakhomopo, ndipo imayamba kuoneka itaimikidwa kumalo omwera mowa pamene mwana wabwerera kuyenda pansi. Bungwe limene bambo a ku Magaba atchula limachita pangano ndi wophunzira ndi makolo ake, loti njinga imakhala yake ndithu akaigwiritsa ntchito popita kusukulu kwa zaka ziwiri. Inunso chitani chotero, ndipo komiti ikhale ndi mphamvu yolanda njinga imene yapatuka pa ntchito yake. Loweruka ndi Lamlungu banja likhoza kupita nayo kuchigayo kapena kuchipatala, palibe choletsa.

Za kulipira, ine sindingakonde kuti mugulitse njinga kwa anthu amene akuvutika ngakhale kupeza ufa. Komabe aliyense wolandira azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, kaya ndi madola, kaya ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, kaya ndi ndowa ya chimanga pokolola, ndipo zosonkhazo zikhale thumba lokonzetsera njingazo. Amayi a kumeneko adazolowera kale zosonkherana m'magulu awo a mukando, kotero kusunga buku la ndalama si chinthu chachilendo kwa iwo.

Mphunzitsi wopuma, Dzivarasekwa:

Amayi anena zoona zambiri, ngakhale pa nkhani ya msonkho wa mwezi ndi mwezi ndikuopa kuti agogo amene akulera ana amasiye ndiwo adzayambe kulephera, pamene ndiwo ofunika thandizo kuposa onse. Komiti ikhale ndi ufulu wowakhululukira poyera, kuti pasakhale miseche.

Ine nkhawa yanga ili pa maphunzirowo. Mtsikana akaphunzira kusoka madiresi, adzapikisana ndi kaunjika wochokera ku msika wa Mupedzanhamo kuno ku Harare, amene amafika mpaka m'mafamu pa mtengo umene telala sangaufike ngakhale atapatsidwa nsalu yaulere. Kumene kuli ndalama ndi ku mayunifomu a sukulu, mayunifomu a amayi a m'mipingo ndi kukonza zovala zong'ambika, choncho maphunziro aloze kumeneko, ndipo makina akhale opalasa ndi phazi. Kuwotcherera zitsulo kumafuna magetsi, amene m'makomboni ambiri mulibe, ndipo ngakhale kumene aliko amazimazima. Mnyamata wophunzira ntchito imeneyi popanda poigwirira adzangothawira kuno ku Harare kapena ku Johannesburg, ndipo dera limene mumafuna kulitukula lidzatsala chimodzimodzi. Musanasankhe ntchito zoti muphunzitse, pitani mukafunse alimi atsopano a m'deralo kuti ndi chiyani chimene amayendera mtunda wautali pofuna kukonzetsa. Ndikuganiza kuti mudzamva za ngolo, makasu a ng'ombe, mapampu othirira ndi masola, ndiponso kumanga zigafa zowotchera fodya. Miyezi 6 ya m'kalasi payokha sipanga mmisiri. Wophunzira aliyense akhale ndi mmisiri wamkulu womuyang'anira pambuyo pake, ndipo atuluke ndi zida m'manja osati satifiketi yokha.

Muonenso nkhani ya zitupa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 adavomereza kuti munthu wobadwira muno, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika ya Zimbabwe ngati ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, koma achinyamata ambiri a m'mafamu alibe ngakhale chikalata chakubadwa. Wopanda chitupa amavutika kulembetsa mayeso a ntchito zamanja ovomerezeka ndi boma, ndiponso sangalembetse nambala ya foni yolandirira ndalama m'dzina lake. Mpingo ungathandize kwambiri pongowaperekeza ku ofesi ya kalembera ndi mboni zoyenera. Pomaliza, funsani bungwelo likuonetseni chikalata chosonyeza kuti lidalembetsedwa motsatira lamulo la mabungwe othandiza anthu, ndipo mukadziwitse khonsolo ya boma la deralo ntchito isanayambe.

Dikoni wa ku Highfield:

Ndathokoza kwambiri nonse. Ndikapereka ku msonkhano maganizo oti tikane kontena, tiwonjezere kukonza njinga pa ntchito zophunzitsa, ndiponso kuti kusankha olandira kukhale m'manja mwa komiti ya komweko, ife tikhale ongoyang'anira. Nkhani yoti tisayambire Akhristu athu ndiyo idzavute, chifukwa alaliki athu a kumeneko amayenda pansi mitunda italiitali ndipo ena adamva kale mphekesera za njingazi, koma ndikuganiza kuti mpingo ungawagulire zawo ndi chopereka chapadera. Bambo a ku Magaba, kodi mnyamata kapena mtsikana amene sadagwirepo sipanala angafune nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kugwira yekha ntchito, ndipo ndi bwino abwere kuno kapena mmisiri apite komweko?

Wokonza njinga ku Magaba:

Ngati njinga zili za mtundu umodzi, zofunika kwambiri angaziphunzire m'masabata ochepa, koma dzanja limakhwima ndi ntchito, choncho m'chaka choyamba pafunika wina womamuyendera. Ine ndingakonde kuti mmisiri apite komweko pa nthawi imene njingazo zikufika, ndipo ophunzirawo ndiwo azimange zonse asanazigawe, chifukwa munthu amene wamanga njinga 20 ndi manja ake sasowanso pogwira ikawonongeka. Muwapezere malo pafupi ndi chigayo kapena pa sitolo pamene anthu amadutsa, pakhale mthunzi ndi bokosi lachitsulo lokhoma, ndipo mmodzi mwa ophunzirawo akhale wamkazi kuti atsikana a sukulu asamachite manyazi kubweretsa njinga zawo. Muyambe m'nyengo yachilimwe, mwina mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti mvula ikamadzayamba akhale atazolowera kale ntchito, popeza nthawi ya matope ndi imene njinga zimawonongeka kwambiri.