Kodi "May you help me" ndi Chingerezi cholondola?

NyaChibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wanga ali Fomu 4, akukonzekera MSCE. M'kalata ya m'kalasi analemba kuti "May you send me the forms", aphunzitsi adula ndi cholembera chofiira. Koma m'maofesi muno mu Mzuzu anthu amayankhula chomwecho tsiku ndi tsiku. Cholakwika n'chiyani?

Choko_Katoto:
Aphunzitsiwo sanalakwe, mayi. Gwero la vutoli ndi Chichewa chathu chomwechi. Timati "ndingalowe?" komanso "mungandithandize?", kamphatikira ndi kamodzi, -nga-. Ndiye mwana akaphunzira kuti "ndingalowe?" ndi "May I come in?", amangoti basi, "mungandithandize?" ndi "May you help me?" Pamenepo ndiye pogwera. May pofunsa amapempha chilolezo, ndipo kawirikawiri chilolezo munthu amadzipemphera yekha: May I, May we. Mukafuna kuti wina akuchitireni kanthu, nenani Could you, Would you kapena Can you. Kalatayo inayenera kukhala "Could you send me the forms?"

"May you" alipo ndithu, koma ndi wofunira munthu mafuno: "May you live long", monga timanenera kuti mukhale ndi moyo wautali. Chimodzimodzi "May God bless you". Alibe chizindikiro cha funso kumapeto.

Mlembi_Luwinga:
Ndiwonjezereko za kamangidwe, poti ana amataya malikisi ambiri apa. May salandira -s ngakhale wochita akhale mmodzi: "she may go". Satsatidwa ndi to, ndipo mneni wobwera pambuyo pake sasintha: "he may come", osati "he may to come" kapena "he may comes". Pokana mumangoika not, do safunika. Pa zakale ndi may have kuphatikiza past participle (mneni wa maonekedwe ngati left): "The minibus may have left", kutanthauza kuti mwina minibasi yanyamuka kale. Posandutsa chiganizo kukhala reported speech (kufotokoza zomwe wina ananena), may amasanduka might ngati mneni woyamba ali wakale: "It may rain" amakhala "She said it might rain".

Gogo_wa_Zolozolo:
Achenjere ndi may not, ali ndi nkhope ziwiri. "You may not enter" ndi lamulo, simukuloledwa kulowa. "It may not rain" ndi kukayika chabe, mwina sigwa (kuno kwathu ambulera tengani ndithu). Pofunsa ngati chinthu chingachitike sitiyamba ndi may: "May it rain today?" ayi, koma "Is it likely to rain today?"

Kenako pali maybe ndi may be. Muuzeni ayese kuika perhaps pamalopo. Chiganizo chikayima bwino, ndi liwu limodzi: "Maybe he is sick". Chikagwa chifukwa mneni wasowa, ndi mawu awiri: "He may be sick".