Ma platelet sakukwera ngakhale tathira kawiri

Wa ku labu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi mayi wa ana 6 kuno ku Mzuzu, ali pa chemo (mankhwala a khansa). Tamuthira ma platelet (tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aundane) kawiri sabata ino, koma tikayeza m'mawa mwake akadali pa 8, ochepa kwambiri. Abale akuti tingotenga kwa mwamuna wake kapena ana.

Adokotala: Achimwene, munayezapo patangotha ola limodzi? Za m'mawa mwake sizitiuza zambiri. Akakwera pa ola limodzi n'kudzagwa usiku, ndiye kuti pali chikuwadya: kutentha thupi, sepsis (matenda ofalikira m'magazi), DIC (kuundana kwa magazi m'mitsempha thupi lonse), kapamba wotupa, kapena mankhwala monga amphotericin B. Kuno kwathu malungo osawaiwala. Koma akakana kukwera pa ola lomwelo, CCI (nambala yosonyeza mmene ma platelet akwerera tikathira) n'kukhala pansi pa 5,000 kawiri motsatana, apo ndiye tiganizire ma antibody (asilikali a m'thupi) olimbana ndi HLA, zizindikiro za pa maselo zomwe munthu amatengera kwa makolo.

Sisita wa ku wodi: Thupi silikutentha adokotala, malungo tayeza palibe, kapamba sakumveka. Kungoti m'nkhama mukutuluka magazi pang'ono.

Wa ku labu: Lero tayeza pa ola limodzi, achoka pa 8 kufika pa 10 basi. Ndiulule: mayiyu ndi wa gulu O, tinapereka a A chifukwa ndi omwe analipo, komanso anali atakhala masiku anayi chiwatengere.

Mkulu wa labu: Apo pokha pakhoza kukhala vuto. Imbirani a MBTS, bungwe lotolera magazi m'Malawi, mupemphe a O enieni, osapitirira maola 48 chiwatengere, muyezenso. Za mwamunazo ayi ndithu. Pa mimba 6 zija thupi la mayiyu linakumana ndi HLA ya bamboyo kudzera mwa ana, ndiye ngati lili ndi ma antibody, n'kutheka kwambiri kuti ndi olimbana ndi iyeyo. Ana nawonso theka la HLA yawo n'la bambo awo. Amene angafanane naye kwenikweni ndi m'bale wake wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi, mwayi wake ndi mmodzi mwa anayi. Komabe magazi a wachibale sathiridwa osawotchedwa ndi radiation, apo ayi ma lymphocyte ake (maselo oyera a m'magazi) akhoza kuukira thupi la wodwala, ndipo zikatero ambiri sapulumuka.

Adokotala: Ndikugwirizana nazo. Za m'nkhamazo ndilemba tranexamic acid, mankhwala oletsa kutaya magazi, bola mumkodzo musakhale magazi. Sisita, abalewo ndilankhula nawo ndekha masana.

Wa ku labu: Zikomo akuluakulu, ndaimba kale. Akafika ndiyeza pa ola limodzi, ndibweretsa manambala pompano.