Mphasa ya maginito pa nyamakazi ya m'mawondo: kodi tigulitse ng'ombe?

NaMaseko, Ulongué

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za nyamakazi. Amayi anga ali ndi zaka 67 ndipo amakhala kumudzi kufupi ndi Dómuè, komwe akhala akulima mbatatesi ndi chimanga moyo wawo wonse. Mawondo anayamba kuwavuta zaka zinayi zapitazo, koma m'mwezi wa June, chisanu cha kuno ku Angónia chitakula, anafika polephera kunyonyomala pamoto kuti aphike nsima. Akafuna kudzuka pamkeka amayamba agwada, kenako amagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri, ndipo bondo lakumanja limalira ngati nkhuni youma. Madzulo limakhala lotupa.

Mwezi watha kunafika munthu wamalonda ali ndi chinthu chonga mphasa cholumikiza kumagetsi, chimene amachitcha PEMF. Iye akuti chimatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo munthu akamagonapo mphindi 30 tsiku lililonse kutupa kumatha, mafupa operepeseka n'kubwerera mwakale. Amayi anagonapo katatu kunyumba kwanga kuno, chifukwa kumudzi kulibe magetsi, ndipo akuti akupezako bwino. Alongo anga amene amagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize akufuna kuti tigulitse ng'ombe imodzi tigule mphasayo. Kodi makinawa amachizadi, kapena pali njira zachilengedwe zimene tingayambire?

Phiri, wa mafizo, mzinda wa Tete

Mayi NaMaseko, pepani ndi matenda a amayi. Mawondo otere ndimawaona sabata iliyonse pantchito yanga, choncho ndilankhulapo motalikirapo.

Njira ya PEMF ilipodi m'zachipatala. M'kati mwa mphasayo muli waya wopindidwa mozungulira, ndipo magetsi akamadutsamo moyaka ndi kuzima mofulumira, pamabadwa mphamvu ya maginito imene imalowa m'mnofu ndi m'fupa, yofooka moti wodwala nthawi zambiri samva chilichonse. Amene anakonza njirayi ndi dokotala wa mafupa Andrew Bassett pamodzi ndi anzake ku yunivesite ya Columbia ku New York, ndipo mu 1979 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaivomereza pa ntchito yothandiza fupa lothyoka limene lakana kulumikizana. Pa nyamakazi umboni wake ndi wochepa. Mu 2013 akatswiri a bungwe la Cochrane, limene limasanthula umboni wa zachipatala, anaunika kafukufuku amene analipo, n'kupeza kuti ululu umatsikako ndithu mwa odwala ena, koma sanapeze umboni womveka woti munthu amayamba kuyenda kapena kugwira ntchito bwino kuposa kale. Makina a m'kafukufukumo ankasiyananso mphamvu, motero sitinganene kuti mphasa iliyonse yogulitsidwa pakhomo imachita zomwezo. Mawu oti mafupa amabwerera mwakale ndiwo ndikuwakana. Chimene chimaperepeseka m'bondo ndi chicherewecherewe, kaminofu kosalala kamene kamakuta nsonga za mafupa kuti asakhulane, ndipo mphasa singachimeretsenso.

Kupezako bwino kwa amayi sindikukutsutsa. Komabe kumbukirani kuti masiku amene anali kwanu sanagwire khasu, sanasenze ndowa, ndiponso nyamakazi imeneyi imakula ndi kuphwa payokha, makamaka chisanu chikamatha. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, komanso amayi oyembekezera, asagonepo n'komwe.

Choyamba ndi kudziwa mtundu wa nyamakazi, chifukwa dzina limodzili timatchulira matenda osiyana. Ya kuperepeseka imagwira mawondo, chiuno ndi msana, imakula munthu akagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha pasanathe theka la ola. Ina imabwera chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi mfundo za thupi lomwelo. Imeneyi imatupitsa zala ndi mikono mbali zonse ziwiri, manja amauma kwa ola lathunthu kapena kuposa, ndipo imafuna mankhwala monga methotrexate msanga mfundo zisanapindike. Bondo likatupa mwadzidzidzi, lili lotentha, munthu akumva malungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mungakhale mafinya. Kuno tisaiwalenso TB ya m'mafupa.

Ngati ndi ya kuperepeseka, chimene chili ndi umboni wamphamvu ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu. Amayi akhale pampando, awongole mwendo umodzi, awerenge mpaka khumi, autsitse pang'onopang'ono, ndipo achite zimenezi kakhumi mwendo uliwonse m'mawa ndi madzulo. Pambuyo pake aziimirira ndi kukhalanso pampando womwewo kangapo. Phindu lake limaoneka pakatha masabata angapo, osati masiku atatu. Ndodo aigwire kudzanja lamanzere, popeza bondo lovuta ndi lakumanja. Ngati ali onenepa, kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, katundu wotsamira pabondo amachepa ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa phazi lililonse limene aponda.

Banda, Zóbuè

Ine ndikufuna kuchenjeza pa mbali ya mankhwala otchedwa achilengedwe, chifukwa ndinapwetekedwa nawo. Vuto langa linayamba usiku, chala chachikulu cha kuphazi chitatupa ndi kufiira moti ngakhale bulangete likachikhudza ndinkafuula. Ndinavala chibangili cha maginito miyezi iwiri popanda kusintha kulikonse. Kenako ndinagula pamsika timakapisozi topanda dzina, tokulungidwa m'kajumbo, wogulitsa atanditsimikizira kuti ndi mizu yokhayokha. Ululu unatha m'masiku awiri, ndipo ndinakondwa n'kuwauzanso anzanga. Patapita miyezi inayi nkhope yanga inafufuma, mimba inakula, ndipo shuga anakwera. Kuchipatala anandiuza kuti zizindikirozo zikusonyeza kuti munali mankhwala a mtundu wa dexamethasone, ndipo anandiletsa kusiya kamodzin'kamodzi, chifukwa thupi likazolowera mankhwala amenewa kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa.

Atandiyeza magazi anapeza kuti matenda anga ndi gout, amene amabwera asidi wotchedwa uric acid akachuluka n'kuundana ngati timchere tosongoka m'mfundo. Tsopano ndimamwa allopurinol tsiku lililonse, mowa ndinasiya, ndipo chiwindi, nthumbwana ndi kapenta ndinachepetsa kwambiri, ngakhale kuti kapenta wa ku Cahora Bassa ndiye anali ndiwo zanga za tsiku ndi tsiku. Mayi, mankhwala aliwonse osalembedwa dzina amene akuthetsa ululu mofulumira chonchi musawalole kulowa m'nyumba ya amayi.

NaJere, mphunzitsi wopuma, Tsangano

Mwanangu, ine ndine wamsinkhu wa amayi ako ndipo mawondo anga ndi omwewo. Zimene anena a Phiri za ntchafu ndimachita, ndipo ndiwonjezerepo za pakhomo, chifukwa ifeyo bondo limathera pansi: pophika, pochapa, posankha nyemba ndi kuchimbudzi. Ana anga anandiumbira chitofu cha njerwa chofika m'chiuno, motero ndimatakasa nsima nditaimirira. Kuchimbudzi mmisiri anandikhomera mpando wathabwa wobowola pakati ndi mtengo wogwira pakhoma, ndipo ndikunena mosabisa kuti chinthu chimenechi chinandichotsera manyazi ndi misozi kuposa mankhwala onse. Khasu ndinaliikira mpini wautali, ndipo madzi amanditungira adzukulu.

M'mawa kukazizira ndimathowa mawondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, osati owira, kwa kanthawi ndisanayambe kuyenda. Likatupa madzulo ndimaikapo nsalu ya madzi ozizira n'kutsamiritsa mwendo pamtsamiro. Tiyi wa jinja ndimamwa, ndipo ndimaona kuti amandithandiza pang'ono, koma sindinganene kuti amachiza. Mafuta opaka a diclofenac, amene anandilembera kuchipatala, ndiwo amandithandiza masiku oipa, ndipo anandiuza kuti savuta m'mimba ngati mapiritsi ake.

Chimodzi ndikupemphe: anthu akumudzi adzanena kuti awateme mphini. Mchemwali wanga anatemedwa pabondo lotupa, mabalawo anachita mafinya, ndipo anagona m'chipatala masabata awiri. Uwakanire amayi mwaulemu koma molimba mtima.

NaMaseko, Ulongué

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi a ku Tsangano, chifukwa za chimbudzi sindinaziganizirepo ndipo amayi sakanandiuza okha. Ndawafunsa lero ndipo akuti kuuma kwa m'mawa kumatha akangoyenda pang'ono kupita kukhola, ndipo zala zawo sizitupa. Alongo anga ndalankhula nawo pafoni, avomera kuti ng'ombe ikhale kaye m'khola, ndipo atumiza ndalama ya njerwa ndi matabwa. Lolemba ndiwaperekeza amayi kuchipatala kuno ku Ulongué. A Phiri, ndapeza kuti amamwa ibuprofen tsiku lililonse kuyambira m'mwezi wa June, pamodzi ndi mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi. Kodi pamenepa pali vuto?

Phiri, wa mafizo, mzinda wa Tete

Inde, Mayi, lilipo, ndipo mwachita bwino kufunsa. Ibuprofen akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ndi munthu wachikulire amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, n'kumalimbana ndi mapiritsi amene amayi akumwa kale. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi apitirize monga mwa nthawi zonse, koma ibuprofen aimike kaye mpaka aonane ndi adokotala, ndipo ngati chimbudzi chawo chakhala chakuda ngati phula musadikire Lolemba. Popita mutenge mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ngakhale otha, ndipo mutchulenso jinja kapena mizu iliyonse imene akumwa. Ngati pakati pa mapiritsiwo pali hydrochlorothiazide, muwauze adokotala za kutupa kwa bondoko, chifukwa mankhwala amenewo amakweza uric acid amene anena a Banda. Mupemphenso kuti akutumizeni kwa a mafizo, amayi akaonetsedwe ndi maso momwe angawongolere mwendowo.