Ndipite kwa state rep kapena ndingokhala chete? Ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina

Moni nonse mu gulu muno. A admin ndibiseni dzina chonde chifukwa kuno tonse timadziwana, ukangotsokomola lero mawa ku tchalitchi anthu akufunsa kuti chifuwa chili bwanji kkkk. Ndine mayi wa ana awiri ndimakhala ku South Bend, Indiana, nkhani yanga ndi yotalikirapo mundipirire.

Ndinamaliza sukulu ya unesi ndili state ina, kenako tinasamukira kuno chifukwa bambo a kunyumba anapeza ntchito ku fakitale ku Elkhart. Nde kuti ndiyambe ntchito pakufunika laisensi ya kuno, mapepala ndinatumiza mu Novembala, ndalama ndinalipira, zala ndinadinda, malisiti onse ndili nawo koma mpaka lero Febuluwale akutha ndikatsegula pa intaneti zimangoti pending pending basi. Kuimba foni umakhala ola lathunthu ukumvera kanyimbo kawo kaja, akayankha amati pali pepala likusowa, ukafunsa kuti liti amati dikirani tikulemberani, kulembako osalemba. Komwe anandilonjeza ntchito andiuza kuti Malichi akatha atenga wina. Panopa ndikungogwira timaganyu ta usiku tosamalira agogo, ndalama yake rent ndi gasi wotenthetsera nyumba sizikukwana, ndipo amene mumakhala kuno mukudziwa mmene snow imatichitira miyezi ino.

Sabata yatha mu bokosi la makalata ndinapezamo kakhadi kochokera kwa state representative (phungu wa ku nyumba ya malamulo ya state) wa dera lathu, kali ndi chithunzi chake ndi timafunso ta misewu, masukulu ndi msonkho wa nyumba, mmunsi analemba kuti amene ali ndi vuto ndi ofesi ya boma la state aimbe foni, komanso Loweruka lino akumana ndi anthu ku library. Agogo oyandikana nafe akuti pita mwanawe ndi ntchito yake imeneyo. Koma abambo akukana kwamtuwagalu, akuti ife tili ndi green card chabe sitivota, za ndale tisamaziyandikire tingadzaononge mapepala a citizenship. Mlongo wanga ku Balaka nayenso ndamufotokozera wangoti nde ukampemphe ya rent kumene si MP ameneyo kkk.

Nde funso langa, alipo anapitako kwa anthu amenewa? Amathandiza munthu wosavota? Amafunsa mapepala? Nanga popita kumeneko munthu umatenga chani, ine ndimaganiza zokazinga timandasi poti kupita kwa wamkulu chimanjamanja ine zimandivuta. Komanso nkhani ya visa ya mayi anga ndingaitchule pompo kapena ndikhala ngati ndachulutsa?

Anti a ku Mishawaka

Mwanawe pita, ndipo usadikirenso Loweruka imba foni mawa mmawa. Ine mu 2020 nthawi ya Covid ndalama zanga za unemployment zinaima miyezi iwiri, ndinaimba foni mpaka khutu kutentha, mzanga wa kuntchito ndi amene ananditsina khutu za ofesi ya rep. Mwini wakeyo sindinamuone nkomwe, amene anandithandiza ndi kamtsikana kogwira ntchito mu ofesi mwake, amawatchula kuti legislative assistant. Anangondifunsa dzina, adiresi ndi nambala ya claim, iwo ali ndi munthu wawo mkati mwa ofesi iliyonse ya boma amene amayankha makalata ochokera kwa aphungu, nde nkhani yako imachoka pansi pa mulu nkufika pa tebulo la munthu wamoyo. Pasanathe masabata awiri anandiimbira okha anthu omwe aja amandizungulitsa aja. Za kuvota sanandifunse, anangofuna kudziwa ngati ndimakhala mu district yake. Mandasiwo tipatse ife kkkk kumeneko usapite nawo uwachititsa manyazi, anthu a boma kuno mphatso amaziopa.

Bambo wina wa ku Indianapolis

Ine ndili mbali ya amuna anu mayi. Masiku ano si masiku olembetsa dzina lako paliponse, kuona maso a nkhono nkudekha, laisensiyo ituluka yokha. Tabwera kudzasaka ife kuno osati kudzadziwana ndi andale.

Anti a ku Mishawaka

Achimwene pakadafunda padajiwitsa galu, mwamva kuti ntchito ikupita mu Malichi? Dzina lake boma lili nalo kale, zala anadinda yekha, nde akubisala kwa ndani?

Mnyamata wa sukulu ku Bloomington

Asisi ndiyankhepo pa mbali ya malamulo poti izi ndi zomwe ndikuphunzira. Indiana ili ndi nyumba ziwiri za malamulo, House ili ndi anthu 100 amene amasankhidwa zaka 2 zilizonse, Senate ili ndi anthu 50 a zaka 4, nde inuyo muli ndi aphungu awiri a state, rep ndi senator, onse mutha kuwalembera. Malire a district amadulidwa potengera census ndipo census imawerenga munthu aliyense wokhala pamalopo, nzika kapena ayi, ana omwe. Mu 2020 Indiana inapezeka ndi anthu pafupifupi 6.8 miliyoni, kugawa pa 100 ndiye kuti rep mmodzi amaimira anthu cha mma 68,000 ndipo inu ndi ana anu muli mu nambala imeneyo. Nde musadzione ngati mukukapempha chifundo pakhomo pa eni.

Koma pomwe amuna anu akunena zoona ndi apa, mvetsetsani bwino. Pa misonkhano ngati imeneyi nthawi zina pamakhala tebulo lolembetsa anthu ovota, munthu wansangala akumwetulira kukupatsani cholembera, MUSASAINE. Munthu wa green card kulembetsa mavoti kapena kuchonga bokosi loti ndinu US citizen ndi mlandu waukulu, ndipo pa fomu ya N-400 yofunsira citizenship amafunsa ngati munalembetsapo kapena kuvotapo. Kupita kukamvera, kufunsa funso, kupempha thandizo pa laisensi zonsezo zilibe vuto. Pepala lililonse liwerengeni kaye, ngati ndi longolemba dzina ndi email kuti munabwera palibe kanthu koma ngakhale limenelo simukakamizidwa.

Za visa ya amayi musataye nthawi, state rep alibe mphamvu pa immigration, imeneyo ndi ya federal, boma la dziko lonse la America. Pa zimenezo mupite ku ofesi ya congressman wanu (phungu wa ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse), South Bend ili mu 2nd district mwa ma district 9 a Indiana, kapena kwa mmodzi mwa ma US senator awiri aja. Akakupatsani fomu ya privacy release kuti musaine, popanda imeneyo saloledwa kufunsa za fayilo yanu. Ndipo iwonso amangofunsa kuti nkhani ili pati, sangalamule embassy kuti ipereke visa.

Wobisa dzina

Zikomo achimwene, za tebulozo sindimadziwa ine ndikanangosaina poopa kuoneka wamwano.

Akulu ena a ku Zomba

Koma abale ine ndikuwerenga ndikuseka ndekha kuno. Phungu kutumiza khadi yoti bwerani mudzandiuze mavuto anu?? Kuno MP akangowina amasamukira ku Lilongwe nambala nkusintha. Komanso tisawanamizire okha, ifenso timawatopetsa, 5 koloko mmawa anthu ali kale pa geti, wina bokosi la maliro, wina fizi ya mwana wa fomu 2, wina galimoto yonyamula odwala, wina akufuna ya feteleza, mpaka wina ngongole ya banki mkhonde akufuna abweze ndi onarebo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa ma handout koma pitani pa maliro muone amene wagula bokosi ndi ndani. Pano tili ndi aphungu 229 koma ndani mwa ife anapitapo kwa MP kukamufunsa kuti bilu yakuti munavota bwanji? Mlongo wanu wa ku Balaka sakulakwa, ndi zomwe tinazolowera. Pitani mayi mudzatiuze, mwina titengerepo phunziro.

Mayi wa ku Elkhart

Pa nkhani ya rent ndi gasi, rep sangakupatseni olo dola imodzi ya mthumba mwake, mukamupempha angokuyang'anani modabwa kenako akulozerani kwina. Nde ndikulozerenitu ine. Kuno ku Indiana kuli ofesi ya township trustee, anthu ambiri akwathu sadziwa, ntchito yake ndi kuthandiza anthu a mderalo amene avutika mwadzidzidzi pa rent, magetsi, gasi, mankhwala, olo maliro a munthu wosowa amathandiza kuika. Akulu a ku Zomba mwamva? Bokosi kuno lili ndi ofesi yake kkkk. Mbali yaikulu ya South Bend ili mu Portage Township koma onani adiresi yanu kaye poti ena ali township ina. Mumadzaza fomu, amafuna ma pay stub, lease, ma bill ndi za ku banki, amafunsa zambiri mpaka umachita manyazi koma yankho silichedwa, lamulo limati maola 72 osawerengera weekend, ndipo ndalama sakupatsani mmanja amalipira kwa landlord kapena ku kampani. Imbaninso 211, nambala yofunsira za thandizo, mufunse za Energy Assistance Program ya gasiyo nyengo isanathe. Ngati mtima ukukayika kuti thandizo lotere likhudza mapepala anu funsani loya wa immigration musanadzaze, osati ma loya a mu gulu muno.

Bambo wina wa ku Indianapolis

Ma loya a mu gulu muno ndi ife eti, chabwino tamva.

Nesi mzanu, Fort Wayne

Ine ndingokuchepetsani chiyembekezo pang'ono kuti musadzakhumudwe. Ndinalemberapo rep wathu pa nkhani ina yake, anandiyankha kalata yokongola yothokoza koma palibe chinachitika, ndinachita kulemberanso senator nde zinayenda. Zimatengera munthu amene ali pa desikiyo, ena ndi akhama ena ndi aulesi ngati kwina kulikonse. Komanso sangasinthe lamulo chifukwa cha inu, ngati pepala likusowadi likusowa basi, chomwe angachite ndi kukupezerani yankho loti ndi pepala liti. Dziwaninso kuti aphungu a kuno si a full time, ambiri ali ndi ntchito zawo, wina loya wina mlimi wina wa bizinesi, ndipo pano ali mu session ku Statehouse, nyumba yawo ya malamulo, kuyambira Januwale, chaka cha bajeti amatseka kumapeto kwa Epulo chaka chinacho pakati pa Malichi, nde mkati mwa sabata amakhala ku Indianapolis kwanuko amangobwera weekend. Loweruka ku library kukakhala anthu ambiri aliyense ndi nkhani yake ya misonkho ndi masukulu, simukapeza mpata wofotokoza zonse mwalemba apazi. Lembani pa pepala limodzi, dzina mmene lilili pa application, nambala yake, tsiku lomwe munatumiza, masiku omwe munaimba foni, ndi tsiku lomwe ntchito ikuthera. Tumizani pa email lero, Loweruka mukangopereka kopi kwa assistant nkumuuza kuti ndine uja ndinalemba. Social security number musaike pa email.

Ndipo tchulani kuti ndinu nesi ndipo ntchito ikukudikirani, zipatala ndi ma nursing home akusowa anthu, nkhani yotere amaikonda chifukwa akaithetsa amakhala ndi chokamba.

Mtsikana wa ku Niles

Funso la pambali pepani, ine ndimakhala ku Michigan koma ndimagwira ntchito ku South Bend, wanga ndi uti?

Mnyamata wa sukulu ku Bloomington

Wanu ndi wa komwe mumagona asisi, Michigan. Koma ngati vuto lili ndi ofesi ya Indiana imbani ndithu kwa wa dera lomwe mumagwira ntchito mufotokoze, akakana sakumenyani.

Wobisa dzina

Ndabweranso abale. Email ndinatumiza Lachinayi usiku mmene ananenera anesi a ku Fort Wayne, Loweruka ndinapita, abambo anandiperekeza koma anakhala mu galimoto akuti akusunga malo oimika kkkk, patapita mphindi 20 kuzizira kunawalowetsa okha. Munali anthu mwina 40, ambiri achikulire, ndipo mmene amamufunsira mafunso munthuyo ine ndinachita mantha, agogo ena anamuloza chala pa nkhani ya msonkho wa nyumba iye nkumangoti ndamva ndamva akulemba, palibe womuimbira nyimbo, palibe wovala nsalu ya nkhope yake, anabwera yekha ndi ka mnyamata kamodzi konyamula mafayilo. Tebulo lija linalipodi pakhomo, ndinangomwetulira nkudutsa.

Pomaliza ndinapereka pepala langa kwa mnyamatayo, anati email anaiona kale ndipo waitumiza. Rep anandigwira chanza nkufunsa kuti kwanu ndi kuti, nditati Malawi anati Maui (chilumba cha ku Hawaii)? Abambo ndi amene anayamba kufotokoza za nyanja mpaka ine kuwakoka malaya, omwe aja amati tisayandikire andale. Lero Lachitatu andiimbira a ku ofesi ya laisensi, akuti transcript ya kusukulu inafika kalekale mu Disembala koma ili ndi dzina la kwa bambo anga pomwe application ili ndi dzina la ukwati nde zinakhala mafayilo awiri osadziwana, miyezi itatu yonseyi nkhani yake imeneyi. Akufuna kopi ya setifiketi ya ukwati basi. Laisensi sinatuluke panobe nde musayambe kuimba nthungululu, ndipo kwa trustee ndili ndi appointment Lachisanu.

Vuto latsopano ndi loti setifiketi yathu ndi ya ku tchalitchi kumudzi yolembedwa pamanja, inanyowapo ndi mvula mbali imodzi chidindo sichikuoneka bwino. Alipo anagwiritsapo ntchito yotere kuno anailandira? Kapena ndiyambe kumuvutitsa mlongo wanga apite kwa abusa? Anti a ku Mishawaka mandasi anu ana adya, ndikazinga ena Lamlungu.